Kodi Rocky Balboa Anatengera Yani? Kusanthula Mtengambali wa m'Filimu ndi Anthu Amene Anamubala

1.0 Mau Oyamba

Mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsapo nthano zolembedwa adziwa funso limene limabwera m'kalasi buku likangotha: kodi munthu ameneyu analikodi? Ophunzira athu anakulira m'cinenero cimene cimasiyanitsa nthano ndi mbiri, ndipo afuna kudziwa dengu loyenera kuikamo cimene awerenga. Pa mabuku a Samuel Josia Ntara yankho silivuta kwenikweni. Msyamboza anali mfumu imene inakhalako ndithu, pamene Nthondo, wa m'buku la m'caka ca 1933, ndi munthu woumbidwa ndi mlembi, ngakhale kuti moyo wake unasimbidwa monga mbiri. Koma pali atengambali ambiri amene ali pakati pa madengu awiriwa, ndipo pa iwo ife aphunzitsi timangoyankha kuti "anatengera munthu weniweni", osafotokoza kuti kutengerako n'kotani.

M'pepala lino tasankha citsanzo ca kutali, ca ku America, cifukwa umboni wake uli poyera: anthu okhudzidwa analankhulapo, ndipo nkhani yake inafika ku khoti. Citsanzoci ndi Rocky Balboa, womenya nkhonya wa m'filimu yochedwa Rocky, imene inalembedwa ndi Sylvester Stallone, inatsogoleredwa ndi John G. Avildsen, ndipo inatuluka kumapeto kwa caka ca 1976. Ambiri amanena kuti Balboa ndiye Chuck Wepner, womenya nkhonya wa m'gulu la olemera kwambiri, lochedwa heavyweight. Tifuna kuonetsa kuti mau amenewa ndi oona pa mbali imodzi yokha, kuti Balboa ali ndi makolo ambiri, ndiponso kuti kuchula Wepner yekha kwabisa munthu wina amene filimuyi inatengako zambiri.

2.0 Aneni Anai a Cinyanja

Pa Cingerezi mkangano uwu umazungulira pa mau akuti "based on" ndi "inspired by", ndipo olemba nyuzipepala amawasinthanitsa monga ngati atanthauza cinthu cimodzi. Cinyanja cili ndi aneni amene amalekanitsa maubale anai osiyana. Taonani ziganizo izi:

(1) Mwanayu anatengera amalume ake.
(2) Mwanayu anatengera msinkhu kwa amalume ake.
(3) Mwanayu atsanzira mayendedwe a amalume ake.
(4) Mwanayu anachedwa dzina la amalume ake.
(5) Kubwera kwa amalume kunautsa nkhani yakale.

Ciganizo (1) cimamveka cokwanira, komabe womva amafunsa nthawi yomweyo kuti, anawatengera ciani? Mneni "kutengera", wocokera ku "kutenga", amafuna kuti cinthu cotengedwaco cidziwike, monga m'ciganizo (2). Palibe mwana amene amatengera munthu mmodzi zonse: mphuno ndi ya uyu, mkwiyo ndi wa uyo. "Kutsanzira" m'ciganizo (3) ndi nchito yocita dala, ndipo imakhudza zocita, osati cibadwa. Kuchedwa dzina m'ciganizo (4) kumalemekeza mwini dzina, koma sikulonjeza kuti mwanayo adzafanana naye. Pomaliza, "kuutsa" m'ciganizo (5) kucokera ku "kuuka", ndipo cimene cimautsidwa ndi cinthu cimene cinalipo kale, cinali cigonere. Aneni anai amenewa ndiwo muyeso umene tigwiritse nchito.

3.0 Usiku wa ku Richfield

Pa 30 Okutobala 1974 Muhammad Ali anagonjetsa George Foreman ku Kinshasa, m'dziko limene panthawiyo linkachedwa Zaire, ndipo analandanso lamba wa dziko lonse. Nkhonya yake yoyamba yoteteza lambayo inacitika pa 24 Marichi 1975 ku Richfield Coliseum, pafupi ndi mzinda wa Cleveland ku Ohio, ndipo wokonza wake anali Don King. Mdani amene anasankhidwa anali Chuck Wepner wa ku Bayonne, New Jersey, munthu wa zaka 36 amene ankapeza cakudya pogulitsa mowa wa m'mabotolo kwa eni mabala. Wepner anali wochuka ndi kukha magazi, ndipo dzina lake la m'bwalo linali Bayonne Bleeder. Foreman anam'gonjetsa m'raundi yacitatu m'caka ca 1969, ndipo atamenyana ndi Sonny Liston m'caka ca 1970 madokotala anamusoka nkhope masitichi 72. Pa nkhonya ya ku Richfield Ali analonjezedwa madola 1.5 miliyoni, pamene Wepner analonjezedwa madola 100,000.

Ocepa okha ndiwo ankayembekezera kuti Wepner angafike patali. Koma m'raundi ya 9 Ali anagwa pansi, ndipo woyang'anira nkhonyayo, Tony Perez, anawerenga kugwako monga kugwetsedwa. Ali anatsutsa, nati Wepner anam'ponda phazi, ndipo zithunzi zimene zinajambulidwa zionetsa phazi la Wepner lili pa phazi la Ali. Atadzuka, Ali anayamba kumenya mwaukali, nam'ng'amba Wepner pamwamba pa maso ndi kum'thyola mphuno. Wepner anapirira mpaka raundi ya 15, imene inali yotsiriza. Mmenemo anagwetsedwa, ndipo Perez anaimitsa nkhonya patatsala masekondi 19 kuti belu lomaliza lilire.

Stallone, amene panthawiyo anali wosewera mafilimu wosadziwika ndi wosauka, ananena kangapo konse kuti anaonerera nkhonyayi pa kanema, ndi kuti pambuyo pake analemba sewero la Rocky m'masiku atatu ndi theka. Anakana kugulitsa sewerolo pokhapokha atapatsidwa iye mwini mbali ya Balboa. Filimuyi inapangidwa ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 1 miliyoni, ndipo m'caka ca 1977 inalandira mphotho zitatu za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yoposa zonse.

4.0 Wepner ndi Balboa Poyerekeza

Tikaika nkhonya ya ku Richfield pambali pa filimu, kufanana kwa msana wa nkhani sikungakanidwe. M'nkhani zonse ziwiri muli ngwazi yakuda, yaliwiro ndi yodziwa kulankhula, imene ipatsa mpata mzungu wonyozeka poganiza kuti nchito idzakhala yopepuka. Wonyozekayo agwetsa ngwazi kamodzi, amenyedwa mpaka nkhope kutupa, afika raundi ya 15, ndipo agonja. Apollo Creed, amene mbali yake inaseweredwa ndi Carl Weathers, ali ndi pakamwa ndi kudzitama kumene aliyense wa m'zaka zimenezo akanakuzindikira kuti n'kwa Ali. Pali umboni winanso wa pambuyo pake. Pa 25 Juni 1976 Wepner analimbana ndi André the Giant, katswiri wa masewera ogwetsana, ku Shea Stadium mu New York, ndipo anaponyedwa kunja kwa zingwe. M'filimu ya Rocky III ya m'caka ca 1982 Balboa nayenso aponyedwa kunja kwa zingwe ndi wogwetsana wamkulu thupi, mbali imene inaseweredwa ndi Hulk Hogan. Apa mneni woyenera ndi "kutsanzira", pakuti cocitika ca munthu weniweni caoneka m'filimu pafupifupi momwe cinalili.

Koma tikasiya zocitika ndi kuyang'ana munthu mwini, kufanana kumacepa msanga. Balboa ndi wa ku Philadelphia, mwana wa makolo a Citaliyana, wamanzere, wa zaka 30, ndipo amatolera ngongole za kaloba padoko m'malo mwa bwana wake Gazzo. Wepner sanali wa Citaliyana, sanali wamanzere, anali wamtali kwambiri, ndipo anagwirapo usilikali wa pamadzi. Balboa amanyadira kuti mphuno yake sinathyokepo, pamene mbiri yonse ya Wepner inali ya mabala. Cacikulu koposa, Balboa ndi munthu wosadziwika amene Creed amutola m'buku la maina cifukwa ca dzina lake la m'bwalo, Italian Stallion, mdani woyamba atavulala dzanja. Wepner sanatoledwe cotero. Anali ngwazi ya cigawo ca New Jersey, anali atamenyana ndi Foreman ndi Liston, ndipo m'caka ca 1973 anapatsidwa cipambano pa Ernie Terrell, amene kale anasungapo lamba wa bungwe la WBA. Cikondi ca Balboa ndi Adrian, cimene cimadya mbali yaikulu ya filimu, mkangano wake ndi mphunzitsi wokalamba Mickey, ndiponso manyazi ake ndi kusadziwa kulankhula, zonsezi sizicokera ku Bayonne.

Kusiyana kumene kuli ndi phindu lalikulu kwa wosanthula nthano ndi kwa masekondi 19 aja. Usiku woti nkhonya ndi mawa, Balboa auza Adrian kuti adziwa kuti sangapambane, ndipo cimene afuna ndi kukhala ali ciimire belu lomaliza likamalira, kuti adziwe kuti sali munthu wacabe. Filimu im'patsa cimeneci. Belu lilira ali ciimire, oweruza agawanika, awiri apatsa Creed ndipo mmodzi apatsa Balboa, koma iye samvetsera n'komwe, pakuti ali kuitana Adrian. Tanthauzo lonse la filimu lakhazikika pa cinthu cimene Wepner anacilephera. Ku Richfield kunali munthu wolimba mtima amene anagwa pafupi ndi khomo. Mlembi anatenga nkhaniyo, naiwonjezera masekondi 19, ndipo kuwonjezera kumeneku ndiko kunasandutsa kugonja kukhala cipambano ca mumtima. Wophunzira amene anganene kuti Balboa ndiye Wepner ndiye kuti sanaone pamene pagona nchito ya mlembi.

5.0 Makolo Ena a Balboa

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Dziwe loyamba la Balboa ndi Rocky Marciano wa ku Brockton, Massachusetts, mwana wa makolo ocokera ku Italy, amene anasunga lamba wa dziko lonse kuyambira 1952 mpaka 1956 ndipo anapuma atapambana nkhonya zake zonse 49. Apa filimu sibisa kanthu. Cithunzi ca Marciano cili pakhoma m'cipinda ca Balboa, ndipo Mickey amuuza kuti amam'kumbutsa Marciano. Balboa anachedwa dzina la Marciano, monga m'ciganizo (4), ndipo anatengeranso kwa iye mtundu, kufupika, ndi kamenyedwe kolola kulandira nkhonya ziwiri kuti abweze imodzi yolemera.

Dziwe laciwiri si munthu, koma mtengambali mnzake. M'filimu ya On the Waterfront ya m'caka ca 1954, Marlon Brando anasewera mbali ya Terry Malloy, womenya nkhonya amene mwayi unam'pitirira, amene atumikira mkulu wa zigawenga padoko, amaweta nkhunda, ndipo asinthika cifukwa ca mtsikana wofatsa. Balboa atumikira wakaloba padoko, amaweta akamba a m'madzi, ndipo asinthika cifukwa ca Adrian. Izi zitikumbutsa kuti nthano zimabalanso nthano zinzake, ndipo nthawi zambiri kholo la mtengambali limapezeka m'buku kapena m'filimu ina.

Dziwe lacitatu ndi Stallone mwini. Munthu amene waona zaka zikupita popanda kupatsidwa mpata, ndiye alandira mwayi umodzi wokha, ndi Balboa ndiponso ndi mlembi wake wa m'caka ca 1975. Ici ndico cifukwa tikuti mneni woyenera Wepner ndi "kuutsa". Nkhani ya munthu wonyozeka inali cigonere mwa Stallone, ndipo nkhonya ya ku Richfield inaiutsa ndi kuipatsa msana.

Dziwe lacinai ndi limene kawirikawiri limaiwalika. Joe Frazier anabadwira ku South Carolina m'caka ca 1944, nasamukira ku Philadelphia ali mnyamata, ndipo anagwira nchito m'nyumba yophera ng'ombe. Iye anasimba kuti ankamenya nyama zopacikidwa pokonzekera nkhonya, ndi kuti ankathamanga kukwera masitepe a nyumba yosungiramo zaluso ya Philadelphia Museum of Art. Zithunzi ziwiri zimene aliyense woonerera Rocky amazikumbukira ndi zomwezi: Balboa akumenya nyama m'cipinda cozizira kumene agwira nchito Paulie, ndi Balboa atakweza manja pamwamba pa masitepe 72. Frazier analandira mendulo ya golide pa masewera a Olympic ku Tokyo m'caka ca 1964, anakhala ngwazi ya dziko lonse kuyambira 1970 mpaka 1973, ndipo pa 8 Marichi 1971 anagwetsa Ali m'raundi ya 15 ndi kum'gonjetsa ku Madison Square Garden. M'filimu aoneka kamphindi cabe, akupereka moni m'bwalo nkhonya isanayambe. M'zaka zake zotsiriza anadandaula poyera kuti zimene zinatengedwa m'moyo wake sanalandirepo kanthu.

6.0 Mangawa

Funso la kutengera lili ndi mtengo wake. M'caka ca 2003 Wepner anasumira Stallone ku khoti ku New Jersey, akufuna madola 15 miliyoni. Tiyenera kusamala ndi cimene cinali m'dandaulo lake. Sanadandaule kuti moyo wake unabedwa ndi kuikidwa m'filimu. Anadandaula kuti kwa zaka zambiri dzina lake linagwiritsidwa nchito potsatsa mafilimu a Rocky popanda iye kulandirapo kanthu. Mlanduwo unatha mwa kugwirizana kunja kwa khoti m'caka ca 2006, ndipo ndalama zimene zinaperekedwa sizinaululidwe. Motero palibe woweruza amene anagamula kuti Balboa ndiye Wepner, ndipo amene amachula mlanduwu monga umboni wotsiriza amanena zimene mlanduwo sunanene. Nayenso Stallone mau ake sanakhale pamodzi: nthawi zina anayamika Wepner monga ciyambi ca nkhani, nthawi zina anacepetsa mbali yake. Ici citiphunzitsa kuti umboni wa mlembi pa nchito yake uyenera kupimidwa monga umboni wina uliwonse, makamaka pamene pali ndalama.

Wepner anapindula ndi dzina. Kanema wa mbiri yake wochedwa The Real Rocky anatuluka m'caka ca 2011, ndipo m'caka ca 2016 panatuluka filimu ya Chuck, mmene Liev Schreiber anasewera mbali yake. Apa zinthu zinatembenuka, pakuti tsopano munthu weniweni anayamba kufotokozedwa ndi dzina la munthu wa m'nthano. Ana ndiwo amachedwa maina a makolo, koma Wepner anachedwa dzina la mwana.

Za Frazier zinayenda mosiyana. Cifanizo ca mkuwa ca Balboa cinaumbidwa cifukwa ca filimu ya Rocky III, ndipo m'caka ca 2006 cinaikidwa pafupi ndi masitepe aja. Frazier anamwalira m'caka ca 2011 mzinda wake usanamuimikire cifanizo, ndipo cake cinavundukulidwa m'caka ca 2015. Kwa zaka zambiri, Philadelphia inalemekeza ndi mkuwa ngwazi yoyera ya m'nthano pamene ngwazi yakuda imene inagonjetsadi Ali inalibe.

Sitinganene zimenezi popanda kukhudza nkhani ya khungu. Kuyambira pamene Jack Johnson anatenga lamba m'caka ca 1908, ndi pamene Jim Jeffries anaitanidwa kudzam'landa m'caka ca 1910 koma nalephera, azungu ambiri a ku America ankalakalaka mzungu wodzagonjetsa ngwazi yakuda. Pofika caka ca 1976 panali patapita zaka 20 cipumire Marciano, ndipo m'zaka zonsezo palibe mzungu wa ku America amene anasunga lamba wa olemera kwambiri. Filimu iika nkhonya yake pa tsiku loyamba la caka ca 1976, pokondwerera zaka 200 za ufulu wa dzikolo, ndipo Creed alowa m'bwalo atabvala monga George Washington. Wolemera, wa maofesi ndi wa masuti ndi wakuda, ndipo wosauka wa padoko ndi mzungu. Cotero thukuta la Frazier, nyama ndi masitepe, linabvekedwa pa thupi loyera, ndipo Ali, amene analandidwa lamba m'caka ca 1967 cifukwa cokana usilikali, anasandulika cithunzi ca mwini cuma wodzitama. Sitikunena kuti Stallone anakonza zimenezi mwa njiru. Filimu imam'patsa Creed ulemu ndi cipambano, ndipo m'mafilimu otsatira iye akhala bwenzi ndi mphunzitsi wa Balboa. Komabe wosanthula ayenera kufunsa cifukwa cimene dzina la Wepner limabwera msanga pakamwa pamene la Frazier limacedwa. Yankho lathu ndi lakuti anthu amafuna kholo la mtengambali poyang'ana nkhope, ndipo nkhope ya Wepner ndiyo ifanana ndi ya Balboa.

7.0 Mau Otsiriza

Tingayankhe tsopano funso la pamutu. Wepner anautsa nkhani ya Rocky, ndipo zocitika zingapo za m'moyo wake zinatsanziridwa, maka msana wa nkhonya yomaliza. Balboa anachedwa dzina la Marciano ndi kutengera kwa iye mtundu ndi kamenyedwe. Anatengera nchito ndi kusungulumwa kwa Terry Malloy, umphawi ndi njala ya mwayi kwa Stallone, mzinda ndi kakonzekeredwe kwa Frazier. Belu lomaliza, limene lili mtima wa filimu, sanalitengere kwa aliyense. Amene akuti Balboa ndiye Wepner anena mopitirira, ndipo amene akuti Wepner alibe mbali akana cinthu coonekeratu.

Kwa aphunzitsi a Cinyanja tipereka maganizo awiri. Coyamba, wophunzira akafunsa ngati mtengambali analikodi, tisam'tseke pakamwa ndi yankho lakuti nthano ndi nthano basi. Tim'bwezere funso limene cinenero cake cimafunsa kale: anatengera ciani, ndipo kwa yani? Aneni anai a m'gawo 2.0 angalembedwe pa bolodi, ndipo ophunzira angasanje umboni pansi pa mneni aliyense, kaya buku ndi la Ntara kaya la mlembi wina. Caciwiri, tiwaphunzitse kufunafuna pamene nthano yapatuka pa mbiri, pakuti pamenepo m'pamene colinga ca mlembi cimaonekera. Pa Rocky malowo ndi awiri, masekondi 19 amene anawonjezeredwa ndi khungu limene linasinthidwa, ndipo kalasi imene yapeza malo awiriwa yawerenga filimuyi mokwanira kuposa imene yangoloweza dzina la Wepner.